Amene Ankaonjola Miono ya Malemu Mwamuna Wanga

1

Dzina langa ndine Esnat, kwathu ndi ku Chikwawa. Sukulu ndinalekezera sitandade faifi, ndiye amene akufuna mawu osalala akawafune kwina. Ine ndabwera kudzanena za wakuba.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Markhiya, muno mu Doha. Mwamuna wanga Jailos anali dalaivala pakhomo lomwelo. Chaka chatha, kutentha kutangoyamba, anadandaula mutu, n'kukhala pansi pafupi ndi tayala la galimoto ya bwana. Basi. Adokotala anati BP. Ndinaperekeza bokosi kumudzi, tinaika, anandimeta, ndinabwerako. Ndikanatsalira chiyani? Ana ndilibe. Apongozi anga ananena pasiwa pomwepo, mokweza kuti ndimve bwino, kuti mwana wawo wapita osasiya mbewu chifukwa anadzala pathanthwe. Abale ake anagawana zonse, nsapato, wotchi, foni, mpaka lamba wa thalauza.

Chimene sanachione ndi miono, chifukwa inatsala kuno, kuseri kwa kachipinda kathu. Jailos anakulira m'mbali mwa Shire ndipo manja ake sankakhala chete. Anatola mawaya amene amisiri anasiya atamanga mpanda, n'kuluka miono isanu ndi umodzi yogwirira nkhanu, monga ankalukira ya bango ali mnyamata. Kakhomo ka mono uliwonse ankakatseka ndi chingwe cha buluu, pa mfundo yakeyake imene ine ndinalephera kuiphunzira zaka zonse za ukwati. Yanga ndi ija timamangira thumba la chimanga.

Lachisanu ndiye tsiku la ofu. M'mawa ankabwera kudzatitenga Yusufu, mnzake wa Jailos, Myao wa ku Mangochi amene amayendetsa pikapu ya kampani ina yomanga. Tinkapita kugombe, kutsogolo kwa Al Wakrah, kumene madzi ndi osaya ndipo matope ake amakuvula patapata. Nyambo inali makosi a nkhuku a m'khitchini mwa madamu. Tikatchera, Yusufu ankakandisiya ku Umm Ghuwailina kumene Amalawi timakumana pa mapemphero, iye n'kumapita ku mzikiti. Jailos ankatsala kugombe mpaka tidzabwerenso masana kudzaonjola.

“Mono wopanda mlonda ndi wa aliyense,” ankatero. “Iwe kandipempherere, ine ndilondere.”

Ndipo zoona, nthawi yonseyo sitinabedwepo nkhanu ngakhale imodzi. Ndinkanyadira kwa amayi anzanga kuti wanga ndiye mlonda weniweni. Mawu amenewo muwasunge.

2

Miyezi ya kutentha yonse sindinaikhudze mionoyo. Koma mphepo itayamba kuzizirira ndinaitulutsa, n'kuikutumula mchenga. Zingwe zinali zikadali ndi mapindidwe a zala zake. Ndinalira pang'ono, kenako ndinamuimbira Yusufu. Iye anangoti, “Mafi mushkila, alamu,” m'Chiarabu kuti palibe vuto, Lachisanu n'kufika.

Tsiku loyamba nyanja inandichitira ulemu. Ngakhale panalibe wolondera, miono inadzaza nkhanu za miyendo ya buluu, zikulumana zokhazokha. Ndinaphika ndi tomato ndi tsabola, zina n'kumupititsira Sellina.

Sellina anali mnzanga wapamtima, wa ku Balaka, wogwira ntchito kochapira zovala ku hotela ina. Uthenga wa imfa ya Jailos utafika, amene anakomoka ndi iyeyo, ine mwini maliro ndili chiimire. Anthu anati taonani chibale. Ku mapemphero ankafika kothera, akuti Lachisanu m'mawa amakhala pa shifiti. Masiku amenewo anali atayamba kuvala abaya, mkanjo wakuda uja wa akazi a kuno, akuti amuna a mu Umm Ghuwailina amamuyang'anitsitsa. Nkhanu zija anadya mpaka zikamba zinapanga chulu, akuyamwa kamwendo kalikonse, maso atatsinzina. Anandifunsa ngati ndikutchera pamalo akale pomwe paja. Ndinati eya. Ndinasangalala kuti mnzanga wakhuta. Chitsiru ine.

Lachisanu lotsatira miono yonse inali mbee, nyambo itadyedwa, nkhanu mulibe. Linalo mono umodzi unasowa ndi chingwe chomwe.

Ndikuuzeni, pa akuba onse, wakuba m'mono ndiye wotsikitsitsa. Wakuba ng'ombe amathamanga, amatuluka thukuta, akhoza kufera komweko. Koma uyu amadikira mkazi wamasiye alowe m'matope mpaka m'mawondo, atchere, apite kukapemphera, iye n'kubwera ndi chidebe ngati akukatola mango akugwa. Ngakhale khwangwala amaba mwini akuona.

Poyamba ndinkaganizira Afilipino amene amabwera ndi mabanja awo ndi timaukonde ta m'manja. Ndinawatukwana m'Chichewa chabwino cha ku Chikwawa. Iwo anamwetulira, mayi wina n'kundipatsa juwisi. Ndinalemba dzina langa pa mabotolo amene amayandama kusonyeza pamene pali mono. Yusufu anaseka, amvekere tsopano wakubayo akudziwa woti azimuthokoza. Ndinagula maloko. Wakubayo anangonyamula mono wina ndi loko wake yemwe. Kenako ndinasiya za maloko, n'kufupikitsa zingwe kuti mabotolo azikhala pansi pa madzi, osaoneka kumtunda. Woti apeze anayenera kudziwa kuimirira pa mwala woyera n'kulunjika pa mtengo wouma wa m'madzi, monga ankachitira Jailos.

Anapezabe.

Tsiku limenelo ndi limene Yusufu ananyamula mono wopanda kanthu, n'kuyang'ana kakhomo nthawi yaitali. Wakubayo anali atatsekanso bwinobwino atamaliza kuba.

“Alamu, mfundo iyi mwamanga ndinu?”

Ndinayang'ana. Sinali yanga ya thumba la chimanga. Inali ya Jailos.

Yusufu ananong'ona pemphero la Chiarabu n'kutuluka m'madzi chambuyo. Ndinamuuza kuti asiye zachibwana, akufa sadya nkhanu. Koma mfundoyo inandisautsa. Osati chifukwa cha mzukwa. Ndinkadzifunsa kuti ndani wina anakhalapo pagombe limeneli ndi Jailos, n'kumaona zala zake zikumanga. Ndinapeza dzina limodzi lokha, ndipo mwini dzinalo anali akufinya thalauza lake patsogolo panga.

3

Ndinaganiza zolondera ndekha. Lachinayi ndinamuimbira Sellina kuti akauze amayi anzanga kuti mawa sindibwera ku mapemphero, ndikukagwira mbava. Anandiuza kuti ndisamale, nditenge madzi ambiri, BP ija ingandipezenso ine.

Ndinakhala kuseri kwa mitengo ya m'madzi ndi ambulera ndi mpini wa mopu. Dzuwa linandiwotcha, tizilombo tinandidya m'miyendo. Sipanabwere munthu. Masana miono inali yodzaza.

Ndiye inu mukanati chiyani? Amene anandisiya pamenepo, n'kuona ndi maso ake kuti ndatsala, ndi Yusufu. Mu pikapu pobwerera ndinamufunsa kuti ku mzikiti kwanuko amaitana maina? Alipo angachitire umboni kuti mumafikako?

Anaimitsa galimoto pambali pa msewu. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anandionetsa mikono yake n'kundikumbutsa kuti iye nkhanu akangolawa amatuluka zidzolo thupi lonse, n'chifukwa chake sanalandireko ngakhale tsiku limodzi.

“Ndinanyamula bokosi la mwamuna wanu pa eyapoti ndi phewa ili,” anatero. “Lero ndikabe nkhanu zake?”

Njira yonse sanandilankhulenso. Ndinkayesa kuti zathera pomwepo. Koma Lachisanu linalo hutala inalira pageti nthawi yake yomwe ija. Ndinakwera. Ndipo chifukwa ndinabwerera ku mapemphero, mono wachitatu unapita. Inatsala itatu. Ndinaona kuti pofika Khirisimasi, za Jailos ndidzatsala ndi chithunzi cha pa pasipoti basi.

4

Ndikusita zovala za madamu ndi pamene ndinakumbukira munda wa bambo anga. Unali m'mbali mwa njira ya kumsika, koma chimanga chawo chinkauma paphesi osathyoledwa ndi munthu. Pangodya ya munda ankaimika kamtengo, pamwamba pake kachiguduli kakuda komanga ndi ulusi wofiira. Aliyense ankadziwa kuti munda umenewo ndi wotsirika, pali chambu. Ukathyola chimanga mmenemo, umatupa.

Muno mu Doha sing'anga ungamupeze kuti? Ku molo? Ndinaganiza zokhala sing'anga ndekha. Ndinang'amba kansalu pa abaya yakale imene madamu anataya. Mkati ndinaikamo masamba a tiyi wogwiritsa kale ntchito, ulusi wa mopu, ndi kafupa ka khosi la nkhuku kuti kazimveka polimba munthu akakhudza. Ndinamanga ndi ulusi wofiira, n'kukolowekapo mikanda iwiri ya ndolo yothyoka. Nditamaliza ndinachita nacho mantha ndekha.

Nsalu inakwanira zithumwa ziwiri zokha. Sindinauze munthu aliyense, ngakhale Sellina, osati pomukayikira koma pochita manyazi kuti mayi wa mapemphero ndayamba zamasenga. Ndinazibisa m'chitenje mpaka nditalowa m'madzi, Yusufu ali pa foni mu pikapu. Miono iwiri ndinaimangirira. Wachitatu ndinausiya choncho.

Masana, wachitatu uja kunalibe. Koma iwiri ija inalipo, yodzaza. Umodzi sunali pamalo pake. Unali utagona chammbali, chingwe chitapotana, ngati munthu anaukoka, n'kuona chimene chikulendewera, n'kuuponya monga umaponyera poto wotentha.

Yusufu atangoona kachiguduli kakuda kaja analumpha, madzi n'kumuthira kumaso. Munthu sangayerekezere kulumpha kotero. Anali asanakaonepo, ndiye si iye amene anaponya mono uja. Ndinamupepesa pomwepo, m'madzi momwemo, mawu ochepa chifukwa kupepesa sindikudziwa bwino. Iye anati khalasi, zatha, koma ine ndichotse chinthucho pafupi naye.

Pobwerera mutu wanga unkagwira ntchito. Mfilipino akanaona chiguduli chakuda akanachithothola n'kuchitaya. Mnepali chimodzimodzi. Mwini dziko salowa m'matope kufuna nkhanu za wantchito. Woopa kansalu komanga ndi ulusi wofiira ndi amene anakula akudutsa m'mbali mwa minda ya kwathu, mayi ake akumukoka dzanja kuti asakhudze. Wakubayo anali Mmalawi. Ndipo Amalawi odziwa za miono yanga ndinkaimba nawo nyimbo Lachisanu lililonse.

5

Mapemphero athu amachitikira m'fulati ya a Stephano, nesi wa pachipatala china, munthu wa tayi ngakhale kunja kukuwotcha ngati ng'anjo. Lachisanu lotsatira, kwa nthawi yoyamba chidziwireni, Sellina anafika tisanayambe. Anati shifiti yasintha. Anakhala pafupi nane, n'kundigwirira buku la nyimbo.

Itafika nthawi ya maumboni ndinaimirira. Anthu ankadikira kuti ndithokoze Mulungu pondisunga pa umasiye. Ine ndinati muno muli wakuba.

Ndinawauza kuti miono ya Jailos yonse inatsirikidwa kalekale ndi malume ake a ku Nsanje, mankhwala ake ali m'waya momwemo. Kachiguduli kaja ndangoika ngati chikwangwani, pomvera chisoni opusa. Amene wadya nkhanu za mmenemo ine osamupatsa ndi dzanja langa, ayamba kutupa mapazi. Kutupako kukwera pang'onopang'ono, mawondo, ntchafu, ndipo kukafika pamimba aitane abale. Ndinanama bwino, mawu osanjenjemera. Malume a ku Nsanje amenewo kulibe.

A Stephano anati muno ndi mopemphereramo, Mkhristu sadalira zithumwa, ndipo monga munthu wachipatala akunditsimikizira kuti zimenezo ndi zopanda pake. Anandipempherera mokweza. Koma potuluka, a Stephano anagwira chanza aliyense kupatula ine. Anangondikwezera Baibulo chapatali. Amayi ena amene ankati ameni kwambiri anasuntha zikwama zawo kuti zisagundane ndi changa. Akhristu a pa Doha. Ndinawayang'ana mapazi onse mmodzimmodzi, ndipo onse anawabisa pansi pa mipando, olakwa ndi osalakwa omwe.

Mapazi a Sellina sindinawaone. Abaya inkafika pansi. Ndipo ine sindinkawafuna, chifukwa mnzako sumuyang'ana mapazi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

6

Foni inalira mkati mwa sabata, masana, ndikukolopa masitepe.

“Asisi,” anatero Sellina, mawu ngati a kamwana, “mapazi anga atupa.”

Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti ndi kuimirira kwa kuntchito, awaviike m'madzi a mchere. Kenako ndinamva mmene ankapumira. Ndinakhala pa sitepe, mopu ili m'manja. Ndinamuuza kuti adikire Lachisanu, madamu sandilola kutuluka. Anati kukakwera bwanji Lachisanu lisanafike? Ndinati ndiye kukwere, n'kudula foni.

Lachisanu Yusufu anandisiya pakhomo pa nyumba imene Sellina amakhala, ndinamuuza adikire. Kachipinda kake n'ka mabedi osanjikiza, anzake onse anali kuntchito. Ndinamupeza atakhala pa bedi la pansi, mapazi ali m'beseni, otupa ngati mabanzi. Sindinapereke moni. Ndinagwada n'kusuzumira pansi pa bedi. Miono inali momwemo, inayi yonse, atayikuta ndi thaulo la hotela, umodzi uli ndi loko wanga.

Ndinamufunsa funso limodzi lokha, kuti mfundo ija anamuphunzitsa ndani.

Anaimirira movutikira n'kuvula abaya.

Inu amene munaberekapo mukudziwa kuti mimba ikakula mapazi amatupa okha, popanda malume a ku Nsanje. Ine sindinaberekepo koma maso ndili nawo. Inali mimba yaikulu, yomangidwa ndi nsalu kuti isaonekere. Sindinafunike sukulu kuti ndiwerenge chambuyo mpaka kufika pamene Jailos anali wamoyo.

Zonse zinatuluka, ndi mamina omwe. Shifiti ya Lachisanu m'mawa kunalibe, chiyambire. Yusufu akangondichotsa kugombe, iye ankafika pa takisi. Ankakhala kuseri kwa mitengo yomwe ija ndinabisalako ndi mpini wa mopu. Ine ndikuimba nyimbo, ndikupempherera mlonda wanga kuti dzuwa lisamupweteke, mlonda anali pa chitenje ndi mnzanga, akumuphunzitsa kumanga mfundo. Ine zaka zonse zija ankangondilanda chingwe, amvekere manja ako ndi olemera.

Anati nkhanuzo si iye ankazifuna, ndi mimba. Chilawireni zija ndinamupatsa, china chilichonse chinkabwerera. Kupempha ankaopa kuti ndidabwa. Nanga miono? Anati ankafuna mwana adzakhale ndi kanthu kamene bambo ake anapanga ndi manja.

Ndinaseka, ndipo kuseka kwake kunamuopsa kuposa kutukwana. Ndinamufunsa ngati mwanayo adzabadwire m'mono. Ndinamukumbutsa mmene anakomokera tsiku la uthenga, ine n'kumamuthira madzi kumaso, kumutonthoza pa maliro a mwamuna wanga.

Anagwada, beseni n'kutayika. “Asisi, ine ndipangeni chilichonse. Koma masulani mankhwala asanafike pa mwana.”

7

Foni inali m'manja mwanga. Aliyense wogwira ntchito kuno amadziwa kuti mimba yopanda ukwati si nkhani ya ankhoswe ngati kumudzi, ndi nkhani ya apolisi. Sindinkafunika kukuwa. Kungouza bwana wake ku hotela, basi, mwana wa Jailos akanabadwira kumene sindikufuna kutchula. Sellina ankadziwa zimenezo. Ankayang'ana foniyo kuposa nkhope yanga.

Ndinamufunsa kuti ankaganiza kuti abisa mpaka liti. Anati ankafuna amalize kontirakiti, komanso kwawo bambo ake ndi mkulu wa mpingo, akamupha. Ndiye anangokhala, akumanga mimba ndi nsalu, akuba nkhanu, akudikira kuti mwina mawa lidzaganiza m'malo mwake. Nzeru za nkhuku. Munthu wotere kumupereka kwa apolisi n'kumupatsa ulemu woti ndi chigawenga.

Ndikanathanso kumasula kachiguduli kaja pamaso pake, aone tiyi wa madamu. Akanapuma, n'kupitiriza kukhala mpaka tsiku lodzagwa m'chipinda chochapira, anthu n'kuitana ambulansi. Ndipo ine ndikanapitiriza kumuona Lachisanu lililonse. Zimenezo ayi.

Ndinaika foni m'chikwama n'kukhala pa bedi ngati sing'anga weniweni. Ndinamuuza kuti mankhwala a ku Nsanje samasulidwira kunja kwa dziko. Ayenera kukaponda dothi la kwawo kwa mwini miono, ndipo amene angamusambitse mapazi ndi mayi wobereka Jailos, osati wina. Achedwe, kutupa kukwera. Akauze bwana wake mawa lomwe kuti kumudzi kwagwa matenda, arizayine, akwere ndege mimba isanamukanize kukwera.

“Koma apongozi anu akandilandira?” anafunsa.

Ndinati ankafuna mbewu, akaitenge ndi thumba lake lomwe.

Tisanatuluke ndinamulamula kuti amasule mfundo zonse za Jailos pa miono inayi ija, ndi zala zake zomwe anaziphunzitsazo. Zinali zolimba ndi mchere, chikhadabo chimodzi chinathyoka. Sindinamuthandize. Kenako anainyamula yekha, iwiriiwiri, kutsika nayo masitepe masana dzuwa likuswa mtengo, amuna a m'mashopu akuonerera, mpaka pa pikapu. Yusufu anayang'ana miono, anayang'ana mapazi, anayang'ana ine. Atayendetsa kamtunda ndithu anangoti iye ankadabwa chifukwa chake achimwene ankapita kukalondera nkhanu atadzola perefyumu.

Sabata ziwiri zisanathe Sellina anali atapita. Sindinamuperekeze.

8

Anabereka mwana wamwamuna. Chithunzi anandionetsa ndi amayi a ku mapemphero, akundiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndilira. Makutu ndi a Jailos, otambalala ngati zitseko za pikapu. Mwanayo ndilibe naye mlandu. Sanasankhe kubadwa kwa akuba awiri.

Apongozi anga anamusambitsadi Sellina mapazi, ndipo atabereka mapazi anaphwa. Mudzi wonse tsopano ukudziwa kuti Esnat ali ndi mankhwala oopsa, ndipo abale a Jailos amene anandilanda lamba wa thalauza ayamba kunditumizira moni. Ndikumva kuti Sellina ndi apongozi akukhala khomo limodzi, ndipo sipadutsa tsiku osatukwanizana. Mulungu awapatse moyo wautali onse awiri.

Ena mwa inu owerenga mukuti mayiyu ndi wachifundo, anapulumutsa mdani wake. Musandinamizire. Ndinkafuna achoke pamaso panga, ndipo njira yachidule inali ya ku eyapoti. Ngati inamuthandizanso, imeneyo ndi ngozi. Ndipo iwe Sellina, ngati nkhaniyi yakupeza, dziwa kuti unagwada m'madzi a beseni chifukwa cha tiyi wa madamu ndi ulusi wa mopu.

Miono isanu ndi umodzi ija ndikadatcherabe. Poyamba ndinkailondera ngati ndi mafupa a Jailos. Tsopano ndi mawaya basi, ogwira nkhanu bwino, ndipo nkhanu sizinandilakwire. Zingwe za buluu ndinazitaya. Ndimamanga ndi zanga, mfundo ya thumba la chimanga, yonyansa koma simasuka. Kachiguduli kakuda tsopano kali pa mono uliwonse, ndipo chiyambire palibe Mmalawi wayandikirapo. Afilipino aja ndimawagawirako, ndinawatukwana pachabe.

Amayi anzanga, kaya muli kuno kaya kumudzi, mukakhala ndi kanthu kanu pamadzi, bisani botolo, sinthani malo, ndipo musamauze mnzanu wapamtima tsiku limene mukukabisalira wakuba. Koma choposa zonse, mwamuna akakuuzani kuti inu kapemphereni ine nditsale ndilondere, tsiku lina mudzanene ameni msanga, mukwere takisi, mukaone chimene akulondera. Ine ndinatsirika miono mwamuna atafa kale. Wofunika chithumwa m'khosi anali mlondayo.